Sitima ya Nkhondo ku Kuwadzana

Chithunzi chija chikadalipo, ngakhale chinafufuka m'mbali: ine, kamutu kometa, nditakumbatira mfuti ya sitima ya nkhondo. Anandijambula ndi amalume. Ankayendetsa lole ya kampani ina ku Southerton, mu Harare, ndipo holide ina ya Ogasiti ananditenga ulendo wa ku Joni, mpaka kunyanja. Sitimayo inali itapuma ntchito, anthu akumalipira pakhomo kuti akaione. Inkanunkha penti ndi girizi. Mfutiyo anaipukuta mpaka kunyezimira, ana akukwerapo uku akunyambita ayisikirimu. Amalume anangojambula kamodzi, n'kukandidikira panja.

Nditabwerera kwathu ku Kuwadzana, ha, ndinali munthu ine! Chigoba cha kombi, kaminibasi kakufa, kuseri kwa nyumba chinasanduka sitima, paipi ya madzi mfuti, ine kaputeni. Koma nkhondo yopanda adani siinkatikomera. Ine ndi anzanga tinagwira mwana wa aneba n'kumugwaditsa pafumbi. Ndinamumanga zigongono kumbuyo ndi chingwe cha lole, mfundo yake ija ndinkaonera amalume akamamanga katundu. Mikono inatupa, iye akulira, ife tikuimba. Kenako ndinamufunsa zimene ndinamvapo akuluakulu a ku Tete akunong'onezana pamaliro za nkhondo ya kwawo: "Tidule khutu kapena mlomo?" Lero ndikakumbuka ndimachita manyazi. Tsiku limenelo ndinkaseka.

Amalume sindinawamve kubwera. Mbama yoyamba inandigwetsera pachitsulo, dzino n'kuguluka. Kenako anatola lamba wa injini. Kumsana, m'miyendo, m'mutu, akungopuma ngati ng'ombe. Magazi anadzaza m'kamwa, fumbi m'maso. Amayi anatuluka thovu la sopo lili m'manja, n'kudzigwetsa pa ine. "Achimwene, mupha mwana!" Lamba anawapezanso iwo, ndipo m'pamene amalume anasiya. Anagwada kuti amasule mnzanga uja, koma mfundo yawo yomwe inawakanika, mpaka amayi anachita kudula ndi mpeni.

Madzulo, akunditsuka mabala ndi madzi amchere, amayi anangoti, "Amalume ako zigawenga zinawagwira ku Tete ali msinkhu wakowu."

Ndinawada amalume mwezi wathunthu. Kenako ndinayamba kuwamvera chisoni, poganiza kuti kutchire kuja iwonso anawamanga chomwecho. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndimvetse kuti munthu womangidwa zigongono kumbuyo saona mmene mfundo ikumangidwira. Amalume ankaidziwa bwino, ngati munthu amene ankamanga anzake.