Tsiku Limene Maness Anafufuta Mayina a Odwala

Maness Kampira anali mwana wa mlimi wa kachewere wa kumapiri a Neno. Atamaliza sekondale anakaphunzira kompyuta ku Blantyre, ndipo atabwerako analembedwa ukalaliki pa kachipatala kena ka m'njira yopita ku Matope. Anamwino onse anali obwera, ena a ku Mzimba, ena a ku Zomba. Iye yekha ndiye anali mwana wa m'deralo, ndipo ankadzimva. Namwino akalakwitsa kulemba dzina, Maness ankamukonza mokweza, odwala akumva.

Ntchito yake inali yosunga mu kompyuta mayina a odwala BP ndi shuga, mankhwala awo ndi tsiku lobweranso. Lachitatu lina m'mawa anaganiza zochotsa mayina olembedwa kawiri. Kompyuta itamufunsa ngati akutsimikiza, anangovomera osawerenga. Pa anthu mazana asanu ndi limodzi, panatsala khumi ndi anayi okha.

Sanauze munthu. Anaizimitsa, kuiyatsanso, koma mayina sanabwerere. Tsiku lonse anapitiriza kulemba odwala atsopano ngati palibe chachitika.

Lachinayi kunabwera a Sosten, msodzi wachikulire wa ku Matope, amene anali atalandira mankhwala a BP pomwepo kwa zaka zinayi. Buku lawo lakuchipatala linali litanyowa mu Shire n'kuphwasuka. Namwino Triza anapempha Maness kuti aone mankhwala amene bambowo amamwa. Maness anafufuza dzinalo akudziwa kuti silituluka, kenako anati mwina amalandirira ku chipatala cha Lisungwi, angosokoneza ndi ukalamba.

A Sosten anamuyang'ana n'kumufunsa:

"Mwana wanga, kodi si iwe umandilemba mwezi ndi mwezi?"

Triza anawayeza bambowo, n'kuwapatsa mankhwala a masiku ochepa. Atayang'ana yekha mu kompyuta n'kupeza muli mbee, anaimbira foni a Ackim, katswiri wa makompyuta wa ku boma.

A Ackim anafika Lachisanu pa njinga yamoto. Anafotokoza kuti makinawo amasunga kwina chilichonse chimene chasinthidwa, moti kaundula akhoza kubwezedwa mmene analili pa ola lililonse la m'mbuyomo. Zonse zolembedwa pambuyo pa olalo zitayika, zifunika kulembanso. Koma pankafunika nthawi yeniyeni. Akabwerera kutali ataya zambiri, akabwerera pafupi apeza mulibe kanthu. Anati angathe kuifufuza okha, kungoti zitenga tsiku lonse, odwala akudikira panja.

"Alipo akudziwa nthawi imene zinasowa?" anafunsa a Ackim.



"Lachitatu, naini koloko itangodutsa pang'ono," anatero Maness chapansipansi. "Ndinafufuta ndine."

A Ackim sanadzutse n'komwe mutu. Analemba 8:55, n'kudina. Patapita mphindi makumi awiri mayina anabwerera. Triza anafufuza la a Sosten ndipo linatuluka, miyezi yonse ili ndondondo, pamzere uliwonse pali dzina la amene anawalemba: M. Kampira. Anangotuluka kukaitana wodwala wotsatira. Maness akanakonda kuti amukalipire.

Loweruka lonse anakhala mu ofesi akukopera za masiku awiri aja kuchokera m'mabuku a anamwino. Lolemba atawerukako anabwereka njinga n'kupita ku Matope, atatenga mankhwala otsala ndi buku latsopano. Anapeza a Sosten akusoka ukonde pakhonde. Anagwada, n'kuwauza kuti tsiku lija ananama, dzina lawo linalimo ndithu, analifufuta ndi iye.

Mkuluyo anati anadziwa pomwepo, chifukwa munthu amene umamuona mwezi ndi mwezi sungalephere kumuwerenga pamaso. Chimene chinawapweteka si dzina ayi, koma mawu aja a ukalamba, anthu akumva. Kenako anamupatsira buku lija, n'kumuuza kuti alembe dzina lawo pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa maso ayamba kuchita mdima. Maness analemba ali chigwadire, ndipo "S" woyamba anatuluka wokhota.