Kabokosi ka Phula ka Azakhali Anga

Azakhali anga sakonzanso mawailesi. Amangokhala pakhonde la shopu yawo, manja ali pamiyendo, kumvetsera anthu akudutsa. Ine sukulu ndasiya chaka chino, ndipo aliyense akundifunsa kuti ndichita chiyani. Ndikufuna kulemba. Ndayamba ndi azakhali chifukwa ndikapanda ine palibe amene angalembe za iwo, ndipo zimene zinawachitikira si zazing'ono.

Mumsewu mwathu amawatchula kuti Mayi Fyuzi. Ndi alongo awo a bambo anga. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu amuna awo, omwe poyamba ankangowapatsa zomasulamasula ndi kupukuta fumbi. Amunawo atamwalira, anthu anadikira kuti zida zigulitsidwe. Sizinagulitsidwe. Maliro atatha azakhali anakhala pampando womwewo, n'kuyatsa chitsulo chowotcherera.

Shopuyo ndi chipinda chimodzi, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa nyama. Mumanunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi lotentha. Tebulo lake ndi lamabala akuda okhaokha, malo amene chitsulo chinkagona chikadali chamoto. Kukhoma kunali mzere wa zitini za mkaka, chilichonse ndi tizipangizo take timene ankachotsa mu ma TV akale.

Magetsi akwathu amazimazima, koma kuzimako tinazolowera. Choopsa ndi kubwera kwake. Amabwera ndi ukali, babu n'kuwala ngati dzuwa, firiji n'kulira kamodzi basi, yapita. A Butchala, oyandikana nawo aja, anapsetsa mafiriji awiri motero, nyama yonse n'kukataya kudzala. Apo m'pamene azakhali anapanga kabokosi kawo. Kukula kwake ngati sopo wochapira, ndipo kamakhala pakati pa khoma ndi firiji. Magetsi akabwera mwaukali kapena mofooka, kamawatsekereza, kenako kamawalola kulowa pang'onopang'ono akakhazikika. Ndikudziwa kuti zoterezi zimapezekanso m'masitolo. Koma za m'sitolo kwathu kuno zinkapsa limodzi ndi firiji. Ka azakhali sikanapsetsepo firiji ya munthu. Anthu ankachokera kutali kudzakafuna, ngakhale a kuchipatala chaching'ono chakwathu anatenga kawo ka firiji ya mankhwala.

Tsono okonza mawailesi ali ndi khalidwe lawo: amaberana nzeru. Ukapanga chinthu chabwino, mnzako amachigula, kuchitsegula, mawa lake akugulitsa chake. Azakhali ankadziwa zimenezi, ndiye ankachita zinthu ziwiri. Kachipangizo kalikonse akakachotsa mu TV, ankakapala ndi sandipepa tsiku lomwelo mpaka nambala yake ifufutike, n'kukaponya m'chitini. Akamaliza kulumikiza mawaya, ankathira phula lamoto m'kabokosimo mpaka pakamwa. Likauma linkakhala ngati mwala.

"Wofuna kuba abe ndi mano," ankatero.

Ali ndi mwana mmodzi, msuweni wanga, yemwe anaphunzira zamagetsi kukoleji ndipo amagwira ntchito mumzinda wina. Mayi ake amamutchula kuti Injiniya, makamaka akafuna kumunyoza. Iyeyo ndi amene anabweretsa nkhani ya patenti. Anafotokoza kuti ndi umboni wa boma wonena kuti chinthu unachitulukira ndiwe, ndipo wina asachipange popanda chilolezo chako.

"Ndiye kuti boma lizindilondera?" anafunsa azakhali.

"Eya, amayi."

"Nanga ine ndiwapatse chiyani?"

"Mufotokoze zonse. Kachipangizo kalikonse, waya aliyense, moti mmisiri wina atawerenga athe kupanga kake."

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiulule kuti anditeteze? Iwe Injiniya, kukoleji kuja anakuphunzitsa kuti zovala zisabedwe uzivulira pamsika?"

"Si choncho, amayi."

"Ndi choncho kumene. Tandipatsa pulayala iyo, usangoima ngati mtengo wa magetsi."

Injiniya anawachonderera kwa zaka. Nthawi iliyonse akabwera kudzacheza ankayambitsa nkhaniyo, ndipo nthawi iliyonse ankabwerera atakwiya. Nawo a Butchala ankaikapo mawu kudzera pawindo.

"Mayi Fyuzi, mwanayu muuzeni. Mukafa inu, ife tiwola."

"Muyambe ndinu, achimwene, mwanenepa kale."

Azakhali sanafe. Anadwala matenda a shuga, ndipo matendawo anapita m'maso. Poyamba ankabweretsa chinthu pafupi ndi mphuno kuti achione. Kenako anayamba kudziwotcha zala. Tsiku lina anabweza wailesi ya munthu ili yoipa kuposa mmene inabwerera, ndipo mbiri inafala. Anthu anayamba kudutsa pakhomo pawo atanyamula mawailesi awo, kupatsa moni mwaulemu, n'kupitirira. Timabokosi timene tinali kale m'nyumba za anthu nato tinayamba kukalamba. Kakafa, kafa basi, chifukwa chinthu cha m'phula sungachikonze. Ka a Butchala katafa, patapita masiku angapo azakhali anatumiza uthenga kuti Injiniya abwere.

Anafika m'mawa. Ine ndinalipo chifukwa ndinawabweretsera mankhwala.

"Tenga cholembera," anatero azakhali. "Ndipo usandifunse zopusa."

Msuweni wanga anatsegula pepala. Azakhali anayamba kufotokoza, chala chawo chikuyenda patebulo ngati chikutsata msewu. Apa pachoka waya, apa pakhota, apa pakumana ndi mnzake. Sanakayike pena paliponse. Injiniya ankajambula, nthawi zina n'kuima kaye, kupukusa mutu. Pena anangoti, "Amayi, izi munaziganiza bwanji?" Iwo anayankha kuti, "Lemba."

Ndiye anafika pakatikati, pa kachipangizo kakuda ka miyendo isanu ndi itatu kamene kamalamulira zonse.

"Nambala yake?" anafunsa Injiniya.

"Ka m'chitini chofiira."

"Eya, koma nambala yake ndi chiyani?"

Chala chija chinaima.

"Ndinapala," anatero.

"Ndikudziwa kuti munapala. Koma musanapale panalembedwa chiyani?"

 Azakhali anatchula chilembo chimodzi, kenako anati ayi, si chimenecho. Kwa zaka zonsezo sanafunikepo kuikumbukira nambalayo. Ankangoona mtundu wina wa TV yakale yotuwa, kuitsegula, kuchotsa kachipangizoko pamalo pake, kupala, kuponya m'chitini. Ankakadziwa ndi maso. Zigoba za ma TV amenewo anagulitsa kalekale kwa otolera zitsulo.

"TV imeneyo inali yopangidwa ndi kampani iti?"

"Yotuwa, ndati! Ndikaiona ndiidziwa."

 Iwo eni anamva zimene ananena, poti maso oionera analibenso.

Popanda nambalayo panalibe chokafotokoza kwa a patenti, ndiponso panalibe njira yopangira kabokosi kena. Injiniya anatenga kakufa ka a Butchala, n'kukaswa ndi tchizulo. Munatuluka zinyenyeswa zakuda, ndipo kachipangizoko kanasweka pakati. Anakhuthula chitini chofiira patebulo. Munali kamodzi kokha.

Anaganiza zoti amange kabokosi kopanda phula, aikepo kotsalako, ndipo kakamagwira ntchito ayeze mwendo uliwonse ndi mita yoyezera magetsi kuti azindikire mtundu wake. Anamanga mpaka masana. Pofuna kukaika anapeza vuto lina. Tizipangizo totere timakhala ndi kadontho kosonyeza mwendo woyamba, kuti usakatembenuze. Sandipepa anadya kadonthoko limodzi ndi nambala. Azakhali ankazindikira mbali yake poona mmene anapalira. Injiniya anayesa ndi mita, koma sanapeze yankho lodalirika. Kukaika molondola, zonse zitheka. Kukatembenuza, kapsa.

"Ndipatse kuno," anatero azakhali.

Anakagwira ndi zala zawo zamabala zija, kukatembenuza, kukasisita ndi chikhadabo, mpaka kukakhudza ndi lilime. Anatenga nthawi yaitali. Ometa tsitsi anali atayatsa makina awo, ndipo phokoso lake linkamveka kudzera kukhoma.

"Chonchi," anatero.

"Mwatsimikiza, amayi?"

"Ndakagwira zaka zambiri kuposa zimene ndakugwira iwe. Wotcherera."

Anawotcherera. Analumikiza babu m'malo mwa firiji, n'kuyatsa pakhoma. Panamveka kaphokoso kakang'ono, kochepa kuposa kuthyola kamtengo ka machesi. Ine sindinadziwe tanthauzo lake. Azakhali ndi amene anayamba kumva fungo.

"Zimitsa," anatero motsitsa mawu.

Injiniya anazimitsa, n'kukhala pansi, pasimenti penipeni, msana atatsamira tebulo. Sanawaimbe mlandu mayi ake, ndipo iwo sanapepese. Mutu wa a Butchala unatulukira pawindo.

"Zatheka, Mayi Fyuzi?"

"Kaguleni za m'sitolo, achimwene," anatero azakhali.

Sindikudziwa ngati a patenti akanavomera. Mwina akanati winawake kudziko lina anapanga kale zofanana. Sitidzadziwa, chifukwa funsolo silinafike n'komwe pamaso pawo. Injiniya anabwerera kuntchito mawa lake, ndipo chojambula chake anachitenga. Ndinachiona asanachipinde. Mawaya onse alipo, okongola, olongosoka bwino, ndipo mizere isanu ndi itatu ikuchokera mbali zonse kukathera pakati, pamalo pomwe sipanalembedwe kanthu.