Azakhali Ankasaka Mwana Wawo m'Ndakatulo

Azakhali anga anataipa zolemba za anthu ena kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, pakampani ina yosindikiza mabuku kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Kachipinda kawo kanali kopapatiza, ka zenera limodzi loyang'anizana ndi khoma la golosale, ndipo fungo la inki ndi guluu linkawatsatira mpaka kunyumba. Anayamba ndi makina a riboni aja olira ngati matalala padenga. Kompyuta itabwera anainyoza kwa mwezi wathunthu, kenaka n'kuidziwa kuposa amene anabwera kudzawaphunzitsa. Anzawo a kuntchito ankawatcha Mayi Nsangalabwi chifukwa cha timiyala timene ankasaka m'ndakatulo, ndipo iwo ankayankha osakwiya.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, msuweni wanga. Ali wamng'ono ankatola timiyala paliponse pamene wadutsa: tosalala ta m'ngalande, toyera ta pamalo omanga nyumba, ngakhale tomwe ankatokosa m'matayala a galimoto zoima. Azakhali akamachapa ankayamba akhuthula matumba a kabudula, apo ayi sopo amathera pa miyala. Atasinkhuka analeka kutola, n'kuyamba kulemba ndakatulo kumapeto kwa kope la masamu. Nthawi zina ankawerengera amayi ake akusita, iwo n'kumangovomera ndi mutu, maganizo ali pa kolala ya malaya.

Bambo ake ankagwira ntchito yoona matikiti m'mabasi. Anali munthu wa yunifolomu yosakwinyika, wosaseka ndi chinthu chimene sichidyetsa munthu. Zotsatira za mayeso zitatuluka, mnyamatayo atalephera masamu, iwo anakatenga kope lija pansi pa matiresi n'kuliwotcha panja, Loweruka m'mawa, anthu oyandikana nawo akuyanika zovala. Msuweni wanga anaima poteropo mpaka phulusa litazizira. Sanalire. Lolemba anatuluka ndi kachikwama, akuti akukafunsira ntchito. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Anamufuna ku polisi, kuzipatala, kwa abale onse, mpaka kulengeza pa wailesi. Patatha chaka kunafika kalata yopanda keyala, chidindo cha positi chitafufutika. Inali ndi mawu ochepa: ali bwino, asamufune.

Apa m'pamene azakhali anaganiza zawozawo. Iwo ankadziwa olemba, poti ankawaona tsiku ndi tsiku akukwera masitepe ndi mapepala kukhwapa, ena nsapato zitatha zidendene. Ankati wolemba ali ngati wosuta, amalumbira kuti wasiya koma umamupeza kuseri kwa nyumba. Mwana wawo akanalembabe, mwina pa dzina lina, ndipo mayi wake sangasokonezeke ndi dzina. Pa zonse zimene anawawerengera, anakumbukira mzere umodzi wokha: kamwala ka m'thumba sikalira, kamangong'amba thumbalo. Anadzida kuti sanamvetsere zambiri. Koma anati mzere umodziwo ukwanira, chifukwa mwana amene anakulira m'timiyala sangalembe osatitchula.

Choncho anayamba kuwerenga. Nthawi ya nkhomaliro ankapita pamsewu pamene anthu amayala magazini akale pansi, n'kumavundukula masamba a ndakatulo ali chiimire. Ankamvetsera pulogalamu ya alakatuli pa wailesi Lamlungu masana, pensulo ili m'manja. Nyimbo ikatchula mwala mu minibasi, ankapempha dalaivala akweze. Mzere uliwonse wokhala ndi kamwala ankautaipa pa kapepala, n'kulemba kumene aupeza, n'kuuika m'katoni ya mapepala yomwe anapempha kuntchito. Ine nditabwera kudzakhala nawo pophunzira za unamwino, makatoni anali atakwana atatu, pansi pa tebulo la pabalaza, moti munthu ukamadya unkasowa poika miyendo.

Anafika podziwa zinthu zimene sanazifune. Ankandiuza kuti alakatuli ambiri amaponya timiyala m'madzi n'kumayang'ana mafunde, ngati alibe zochita. Ena amatilowetsa mu nsapato kuti adandaule za ulendo wa moyo. Olemba nkhani zachikondi amatigendera pazenera la mtsikana, ndipo galasi silisweka ngakhale kamodzi. A zisudzo za pa wailesi amatiika m'chitini kuti timveke ngati mvula. Ankaseka, n'kunena kuti mwa onsewo palibe amene anachapapo kabudula wa mwana. Akatha kuseka ankabwezera mapepalawo m'katoni mwadongosolo.

Amuna awo sankatchula dzina la mwanayo, ndipo za makatoniwo ankachita ngati sakuwaona. Koma madzulo ena ankabwera ndi magazini yomwe wina waiwala pampando wa basi, n'kuisiya patebulo pafupi ndi makiyi. Azakhali ankaitenga osathokoza, iwonso osayembekezera kuthokozedwa. Anakhala choncho zaka khumi ndi zinayi, mpaka bamboyo anamwalira ndi matenda a impso. Ali m'chipatala anandifunsa, azakhali atatuluka, ngati m'makatoni muja munapezekapo kanthu. Ndinati ayi. Anatembenukira kukhoma.

Kasanu konse azakhali analembera alakatuli kudzera kwa akonzi a magazini, kufunsa mwaulemu ngati wolemba ndakatulo yakutiyakuti anali mwana wawo. Atatu sanayankhe. Mmodzi anayankha kuti ayi, koma n'kutumiza ndakatulo zake zina makumi awiri kuti amutaipire. Wachisanu ndiye anawaimitsa mtima. Ndakatulo yake inkanena za munthu woyenda ndi kamwala m'thumba la jekete kuchokera kwawo, ndipo pansi pake panali zilembo ziwiri zokha m'malo mwa dzina. Mkonzi anaimba foni kuntchito, n'kungonena kuti mwini ndakatuloyo abwera yekha Lachisanu.

Lachinayi azakhali anakakonzetsa tsitsi. Lachisanu anavala diresi yawo yobiriwira, n'kukhala pamakina osataipa ngakhale tsamba limodzi, khutu lili kumasitepe. Cha m'ma leveni anamva munthu akukwera pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda. Analowa mayi wamfupi wa imvi, wogulitsa mankhwala pafamase ina kutsidya kwa tauni.

"Pepani mayi, ndine ndinalemba," anatero mlendoyo. "Ndikanatha kukuyankhani pakalata, koma nkhani yotere siyoika mu envelopu."

Azakhali anamupatsa mpando, n'kumuthira tiyi wa m'fulasiki. Anakhala limodzi ola lathunthu. Mayiyo anafotokoza kuti kamwala kake anakatola pabwalo la nyumba ya makolo ake tsiku limene ankaigwetsa kuti padutse msewu. Kuchokera tsiku limenelo anakhala mabwenzi. Ankayenderana kamodzi pamwezi, ndipo ankakangana kwambiri pa za mipatuliro ndi mipumiro, poti azakhali sankalola cholakwika kudutsa ngakhale cha mnzawo.

Msuweni wanga anapezeka patatha zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndakatulo sizinathandizepo kanthu. Mchimwene wanga, yemwe amayendetsa malole, anakatsitsa simenti mumzinda wina kunja kwa dziko, n'kuona bambo wadazi akuwerengetsa matumba pakhomo la sitolo ya zomangira. Anamuzindikira ndi kayendedwe, kofanana ndendende ndi ka malemu bambo ake. Anamuitana ndi dzina la paubwana, ndipo munthuyo anagwetsa bolopeni.

Msuweni wanga anabwera patatha miyezi iwiri, masana, pabasi. Azakhali anali atapuma kale pantchito. Anamulandira pageti, n'kumugwira masaya onse awiri ngati akuyesa ngati ali ndi malungo. Iye anagwada, analira, anapepesa. Anati poyamba unali mkwiyo, kenaka manyazi oti alibe chobwera nacho, kenaka zaka zinangochuluka mpaka kusowa poyambira. Anali ndi mkazi ndi ana awiri aakazi. Anafunsa za bambo ake, ndipo mawa lake tinamuperekeza kumanda, komwe anaima nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

Tsiku lachitatu, titatha kudya, azakhali anakoka katoni imodzi pansi pa tebulo. Anamufotokozera zonse, za magazini a pamsewu, za makalata, za mayi wa kufamase. Kenaka anamufunsa kuti zaka zonsezi ankalemba pa dzina lanji.

"Kulemba chiyani, amayi?"

Anamutchulira mzere uja, pang'onopang'ono, monga ankaunenera okha kukhitchini. Iye anamvetsera, n'kumwetulira mwaulemu ngati akumva mawu a munthu wina.

"Ndine ndinalemba zimenezo? Koma ndiye ndinali ndi nthawi. Ine chichokereni kuno sindinalembepo china kupatula malisiti."

Ataona nkhope ya amayi ake anasiya kuseka. Anatenga mapepala angapo m'katonimo n'kuyesa kuwerenga, koma zinkaoneka kuti akungofuna kuwasangalatsa. Azakhali anamulanda mofatsa, n'kumuuza kuti asavutike, maso angamupweteke. Masana amenewo iye anakonza mpopi wa kubafa womwe unkadontha kwa zaka zambiri, anasintha loko wa chitseko cha kumbuyo, n'kuyeza pansi pa khitchini ndi tepi, akuti adzatumiza matailosi. Ntchito ya manja ankaidziwa bwino, ndipo amayi ake ankamutsatira chipinda ndi chipinda atamunyamulira sipanala.

Anachoka tsiku lachisanu. Pobwerera kuchokera kusiteshoni tinayenda wapansi, azakhali atandikolowola mkono chifukwa cha mawondo. Tinadutsa pakampani yawo yakale, yomwe tsopano ndi malo ogulitsira mafoni. Anaima pang'ono n'kuyang'ana kazenera kaja.

"Mwana wanga wabwera, ndipo ndathokoza Mulungu, usandimve molakwa," anatero. "Koma uja ndinkamudikira uja sanabwere naye. Kaya anamusiya kuti."

Anandifunsa ngati ndinaona mmene amadyera mofulumira, ngati munthu woti wina amulanda mbale.

Tsopano amaimba foni Lamlungu lililonse ikakwana folo koloko. Amakambirana za mvula, za mawondo, za mtengo wa simenti. Matailosi anafikadi, ndipo khitchini ya azakhali ndiyo yowala kuposa zonse mumsewu wawo. Zidzukulu zawo amazidziwa pa kagalasi ka foni basi: wamkulu ndi wamanyazi, wamng'ono amayankhula osapuma m'chiyankhulo chimene agogo ake amangomvapo mawu awiri kapena atatu. Bambo awo analonjeza kuti abwera nawo patchuthi cha sukulu. Matchuthi awiri adutsa kale, koyamba chifukwa cha mapasipoti, kachiwiri chifukwa mkazi wake anadwala.

Azakhali anagula matiresi atsopano awiri n'kuwaika m'chipinda chakale cha mwana wawo, osachotsa mapulasitiki. Sabata yatha anandiimbira kuti ndipite ndikawathandize kuwatulutsa padzuwa, akuti ayamba kununkha chinyezi, ndipo tchuthi china chatsala milungu isanu ndi umodzi.