Mwendo wotentha wa ababa

Sukulu ndinaisiyira fomu 3, chaka chimene fakitale ya nsalu ku Kadoma inayamba kubweza antchito pageti. Aphunzitsi enieniwo anali atathawa, ine ndikanatsalira chiyani? Nditauza ababa kuti ndikupita ku Joni, anangoti, "Agogo ako anachoka ku Dedza wapansi kudzakumba mgodi ku Chakari, m'dziko la eni lino. Ndingakuletse ndine?"

Ku Joni ndinkasakaniza simenti. Tinkagona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, koma panalibe woti n'kukangana naye m'chinenero changa. Lamlungu ndinkaimba foni kwa aneba athu, amayi n'kubwera akupuma mwawefuwefu. "Kuno tonse tili bwino." Kwathu wapaulendo sauzidwa za matenda, amati angagwe pamakwerero ndi maganizo. Ine ndinkatumiza sopo, mafuta ophikira ndi timarandi pa basi, n'kumadziona ngati mwamuna.

Nditabwerera patatha zaka zitatu, ndinapeza ababa atakhala pakhonde, msongolo wawo wakumanzere utapindika ngati uta. Nditaugwira unali wotentha. Chipewa chawo cha ku tchalitchi sichinkawakwananso kumutu. Amayi ankawathowa ndi madzi otentha m'mawa uliwonse, ndipo mwendo wonse unali mphini zokhazokha.

"Amayi, mwendo ukutentha kale, inu mukuwonjezeranso moto? Bwanji osandiuza?"

"Ukanadziwa ukanatani? Ukanatumiza mwendo wina pa basi?"

Ndinapita nawo kwa dokotala wina ku Chegutu. Atawajambula anati fupa la munthu limagumulidwa ndi kumangidwanso moyo wake wonse. Koma mwa ababa, asilikali a m'thupi akungokuwa ngati kwabwera mdani pomwe kulibe. Mfuwuwo ukudzutsa ogumula, omanga n'kumawathamangira pambuyo mwaphuma. Fupa likukula, koma ndi lofooka. Akadzangogwa, lithyoka.

Ndinamva msanga. Khoma lomangidwa mothamanga ndinaliwonapo likugwa lokha.

Dokotalayo anati mankhwala ochepetsa kugumulako alipo, koma m'mashelefu a kuno munalibe ngakhale a mutu. Ku Joni ndiye amapezeka. Ine ndinali nditabwera ndi katundu wanga yense, nditalumbira kuti mzinda umenewo sudzandiwonanso. Ndinatukwana njira yonse m'minibasi pobwerera kunyumba, ababa akungoseka. "Pakamwa pakopa, ukanakhoza fomu 4 ukanakhala loya."

Tsiku lonyamukanso kupita ku Joni kukawafunira mankhwalawo, ababa anakana kutsalira pakhonde. Anati mwana saperekezedwa ndi maso. Anatenga ndodo, dzanja linalo n'kundigwira paphewa. Kuchoka kunyumba kukafika kumsewu ndi pafupi, koma tinaimaima kasanu. Basi yoyamba inatidutsa tikuiwona.

"Thamanga, iwe, ikusiya!"

"Isiyeni ipite, ababa. Pondani apa, apo pali dzenje."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kudikira munthu osatukwana.