Nkhosa ya Hajj Tahar pakhomo pa Mbarek

Mbarek amene amagulitsa msuzi wa nkhono moyang'anizana ndi geti la Hajj Tahar sanabadwe ndi ndodo ayi. Ine ndimamudziwa kuyambira ali ndi mano onse. Kwa zaka makumi awiri ankazungulira tauni yonse ya Safi pa njinga yamoto ya matayala atatu, kuperekera anthu mabotolo a gasi, kuwasenza paphewa mpaka pamwamba pa nyumba zosanja. Matenda ake anali amodzi: ulemu. Munthu woti ukamuponda phazi, wopepesa amakhala iyeyo.

Tsiku lina m'mawa ali pantchito, anagundidwa ndi Driss, mwana wa Hajj, chimunthu cha zaka makumi atatu chimene ntchito yake ndi kupesa ndevu. Galimoto inali ya bambo ake, laisensi analibe. Mwendo wa Mbarek unathyoka patatu ndipo sunapindikenso.

Kampani ya inshulansi ya kuntchito kwake inalipira chipatala, n'kumamupatsanso kangachepe mwezi ndi mwezi. Chimene Mbarek sankadziwa n'chakuti makampani amenewa si amalume ako. Amakulipira, kenako amakalonjerera ndalama zawo kwa amene anakuvulaza. Hajj ankazidziwa bwino zimenezi. Munthu wa mabwato asanu ndi awiri a nsomba sapusa.

Lachisanu lina anthu atatuluka mumzikiti, tinangoona chigulu chikulowa mumsewu wathu: Hajj patsogolo, shehe pambali, akuluakulu, shuga woumba mitu inayi, ndi nkhosa yonenepa. Asanapereke n'komwe moni, nkhosa ija anaizinga pakhomo penipeni pa Mbarek. Magazi akakhetsedwa pakhomo pako chonchi, chimene akupemphacho sukana. Ukakana, tsoka limakulondola mpaka kwa zidzukulu.

Ine ndinali kukhitchini, ati kuthandiza mkazi wake Zhor kupanga tiyi, khutu lili kuchitseko.

"M'bale wanga," anatero Hajj, misozi ili mbwembwembwe, "mwana wanga ndi mwana wako. Tikhululukire, zithere m'nyumba muno."

Anatulutsa envulopu ya ndalama, madirhamu zikwi makumi anayi, ndi pepala.

Zhor anasuzumira. "Bambo a Hafsa, musagwire cholembera! Nkhosa imeneyi ili ndi mano."

"Tatonthola mkazi iwe, alendo akumva."

"Amve! Miyezi isanu ndi itatu muli chigonere, anakubweretserani ngakhale lalanje?"

Koma Mbarek mutu wake unali pa kagolosale ka pamsika kamene kankagulitsidwa. Ndi mwendo wouma gasi sakanasenzanso, ndiye kagolosaleko ndiko kakanadyetsa banja. Anasaina kuti walandira ndipo wakhululuka zonse. Shehe anapemphera, tonse tinadya nyama, ndipo inenso, Mulungu andikhululukire, ndinanyambita zala.

Mwezi usanathe kunabwera kalata. Mbarek anadumphira ndodo mpaka ku ofesi ya inshulansi, Zhor ali pambuyo. Anapeza kalaliki wa tayi, tsitsi lonyezimira mafuta.

"Bambo, ndalama zathu tikanakatenga kwa Hajj. Inu mwamumasula ndi dzanja lanu. Ndiye pa zimene munalandirazo, zikwi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndi zathu."

"Koma mwana wanga, mwendowu ndi wanga!"

"Mwendo tinalipira kale. Mwendo umodzi sulipiridwa kawiri."

"Nanga nkhosa ija?" anafunsa Zhor. "Tikusanzireninso?"

"Nkhosayo khalani nayo, mayi."

Pamenepo m'pomwe zinadziwika kuti kampani ikanamulipiritsa Hajj kuposa katatu zimene zinali mu envulopu muja. Misozi yonse ija inali malonda!

Zhor sanagonje. "Ngati magazi amamanga munthu, akam'mangenso Hajj." Ya nkhosa analibe, anagula tambala. Lachisanu lotsatira, anthu akutuluka mumzikiti, Mbarek anatsamira ndodo, n'kumuzinga tambala uja pageti la Hajj, magazi n'kuthimbiritsa matailosi.

"A Hajj, ndagwira mwendo wanu. Lipirani kampani, kagolosale kanga kasapite."

Hajj anayang'ana magaziwo, anayang'ana nsapato zake zoyera, n'kumwetulira.

"Mbarek m'bale wanga, zimenezi ndi zachikale. Masiku ano timayendera mapepala."

Zachikale! Mwezi umodzi wokha nkhosa yake itaphedwa! Shehe uja mwadzidzidzi anayamba kufunafuna kanthu m'thumba. Akuluakulu aja, amene mafuta a nkhosa anali asanawachoke kundevu, anakumbukira kuti kunyumba chakudya chikuzizira. Wophika wa Hajj anatuluka ndi ndowa, anatsuka magazi, tambalayo n'kulowa naye. Ndikumva kuti anamudya ndi maolivi.

Kagolosale kanagulidwa ndi wina. Zotsala zija Mbarek anagulira ngolo ndi poto wa nkhono, n'kusankha malo amene ali panopa. Mitu inayi ya shuga ija sanaiswe. Imakhala pangolopo, m'mapepala ake abuluu, kuti aliyense wofunsa auzidwe nkhani yonse, ndipo akatopa ndimathandiza ine.

Sabata yatha Hajj anatsitsa galasi la galimoto, pamaso pa anthu, n'kunena kuti, "Mtendere ukhale nawe, Mbarek."

Mbarek, amene kale akanaimirira dzanja lili pachifuwa, anapitiriza kutakasa nkhono zake.

"Moni wanuwo mulembe papepala, a Hajj. Timayendera mapepala."