Banzi Loyamba Kutuluka mu Uvuni

Mayi ophika mabanzi pakona pa msewu anali ndi lamulo limodzi: banzi loyamba kutuluka mu uvuni siligulitsidwa. Linali la amuna awo, adalaivala a lole, bambo wa mimba yomwe inkayamba kulowa m'nyumba mwiniwake akadali panja. Ankalinyema likadali lamoto, n'kupukusa mutu.

"Mchere wachepa, amake ana," ankatero tsiku lililonse, chonsecho alimaliza.

Kuchipatala atawapeza ndi matenda a shuga, mnzawo wakuntchito adawaonetsa pafoni kadyedwe kotchedwa kito: nyama, mazira, mapeyala ndi mafuta basi, cha ufa ndi chotsekemera ayi. Paja foni siifunsa kuti munthu ukudwala chiyani. Mayiwo, poopa umasiye, adasanduka wapolisi m'nyumba mwawo momwe. Pophika ankatseka chitseko kuti fungo lisawayese amuna awo.

Thupi lidatsikadi. Lamba adabooledwa mabowo atsopano, anthu n'kumayamikira. Adalaivalawo ataona kuti apepukidwa, adasiya mapiritsi a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, kuchipatala osapondakonso. "Ndachira ine," ankatero. Mayiwo adakhulupirira, poti maso ankaona.

Koma nthabwala za bambowo zidayamba kuchepa. Nyama ankaitafuna ngati akugwira ganyu. M'mawa wina adaima pakhomo la chipinda chophikira, chipewa chili m'manja.

"Kachidutswa kokha, amake ana. Ndingolawa mchere."

"Ayi, abambo. Mwapirira miyezi yonseyi, muwononge lero? Ine ndikufuna tikalambe limodzi."

Bambowo adaseka pang'ono, n'kukakwera lole. Masana adagwa akutsitsa katundu, ndipo sadadzukenso.

Adokotala adalankhula mofatsa kuti kadyedweko ena kamawathandiza kwa kanthawi, koma kamafuna kupimidwa pafupipafupi, ndipo mankhwala sasiyidwa chifukwa choti lamba wakula. Mayiwo adangogwedeza mutu. Za mapiritsizo adazimva, koma chomwe chimawadya mtima mpaka lero si chimenecho. Ndi kachidutswa kaja. Munthu adapempha ndi ulemu wonse, iwo n'kumumana chifukwa chomukonda.

Akuphikabe, poti ana ayenera kudya. Ogula amadandaula kuti masiku ano mabanzi awo akuwawa mchere. Banzi loyamba amaliika pambale, pampando wapafupi ndi khomo, ndipo limazizirira pomwepo.