Kompyuta Yathu ndi Zikhadabo Zofiira

Chaka chathu chomaliza pa yunivesite ku Riverside, ine ndi mnzanga wa ku Chifubu tinapenga ndi nkhani yophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu pazithunzi. Kalasi yake kunalibe, buku lake mulaibulale munalibenso. Tinkangodalira mavidiyo a pa intaneti, kuimitsa, kubwereza, n'kumakangana mpaka muminibasi.

Tinkafuna kuti ntchito yathu yomalizira ikhale ya matenda a tomato: ujambule tsamba ndi foni, kompyuta ikuuze ngati likudwala. Aphunzitsi otiyang'anira anapukusa mutu. "Zimenezi ine sindinaziphunzire. Lachisanu mudzandionetse. Zikakanika, mubwerera ku mutu wakale." Mutu wakalewo unali wa mapaipi otaya madzi. Ndinkaudana nawo koopsa.

Tinathamangira m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Masamba abwino ndinkawajambula ali pamtengo pomwepo. Odwalawo mnzanga ankathothola n'kuwagwira m'manja kuti mawanga aoneke bwino. Mtsikana ameneyu amatchena, zikhadabo zake sizisowa penti yofiira.

Kompyuta inaphunzira, ndipo pazithunzi zathu sinkaphonya ayi. Ndinavina mulabu ya makompyuta, ine mwana wa mkulu wa mpingo!

Lachinayi masana ndinayesa tsamba lina lamawanga okhaokha, nditaliika patebulo. Kompyuta akuti lili bwino. Ha! Mnzanga anayang'anitsitsa zithunzi zija, kenako anatambasula dzanja lopanda kanthu kuti ndilijambule. Akuti likudwala.

"Mnzanga iwe, chinthuchi chaphunzira zikhadabo zanga!"

Tinaseka mpaka misozi, kenako tinakumbukira kuti nthawi yojambulanso panalibe. Koma kunena zoona, mtima wanga unkadumpha ndi chimwemwe. Mavidiyo onse aja ankanena kuti kompyuta imagwira chilichonse chobwerezabwereza pazithunzi, osati chimene iwe ukufuna. Tsiku limenelo m'pamene ndinazimvetsa.

Lachisanu sitinabise kanthu. Tinaonetsa tsamba, tinaonetsa dzanja, mnzanga n'kufotokoza chimene chinachitika. Ine mumtima ndinati basi, zathera pomwepa.

Aphunzitsi anatulutsa cholembera chofiira m'thumba la malaya, n'kundiuza kuti ndichijambule. Kompyuta akuti chikudwala. Bambo aja anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anakoka mpando n'kukhala pakati pathu.

"Pitirizani, mukajambulenso masamba anuwo. Koma tsopano yambirani poyambirira penipeni, pang'onopang'ono, nanenso ndimve."